Tayala la thirakitala pa Chimbiya

Achimwene, lero minibasi itaima pa Chimbiya ndaona tayala lakale la thirakitala m'mbali mwa msewu, misozi n'kungoyamba yokha. Ndakumbukira m'mawa uja wa chisanu kuseri kwa nyumba yathu. Munandiuza kuti nditembenuze tayala ngati lomwelo, ndidumphire pachitsa, kenako ndithamange ndi zigubu za madzi, mpaka mpweya unandithera. Ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Ine ndimafuna kupalasa njinga m'mapiri, osati kuzunzika chonchi!" Inu munaseka. "Tadala, phiri silikweredwa ndi miyendo yokha. Msana ndi manja zikafooka, njinga ikugwetsa potsetsereka. Dzuka, mlongo wanga."

Mvula isanayambe chaka chomwecho, pa kanjira ka miyala ka ku Kaphuka, tikukwera chitunda panjinga, ndinakusiyani m'mbuyo kwa nthawi yoyamba. Munafika pamwamba mukutsokomola, koma munatsika panjinga n'kundiombera m'manja. Sindinadziwe kuti matenda anali atayamba kale.

Mpaka pano ndikafika pamwamba pa chitunda chija ndimaima n'kucheuka, kudikira kuti mutulukire pakona. Pumani bwino, achimwene anga. Ine ndikupalasabe.