Majekiseni Asanu ndi Awiri a Tisa Ali Kuti?

Majekiseni khumi ndinawawerenga ndi manja angawa. Amene analowa m'thupi la mwana wanga ndi atatu okha.

Tisa ali ndi zaka 16. Anabadwa ndi mwendo wakumanzere umene umakula kuposa unzake, mitsempha yake ili ngati zingwe. Atamuchita opaleshoni kuchipatala chachikulu, adokotala anandichenjeza kuti odwala matendawa magazi awo amaundana msanga, ndipo oundanawo akathamangira kumapapo, munthu amapita. Anandipatsa bokosi la majekiseni khumi, atalembapo dzina la Tisa: jekiseni imodzi patsiku, tizikabayitsa kukiliniki yakwathu ku Kanyama. Anatinso ndiziyeza mwendowo m'mawa uliwonse. Ine ndine telala, tepi siichoka m'khosi.

Lolemba, 7 koloko, nesi wa pawindo lachiwiri anati, "Ba mayi, bokosi musiye kuno, kunyumba vimaonongeka." Ndinasiya. Uchitsiru wanga unayambira pamenepo.

Lachinayi nesi uja akuti, "Vasila."

Zatha bwanji? Anandiponyera khadi. Mizere khumi yonse yochongedwa, cholembera chimodzi, dzanja limodzi, mpaka Lachitatu la sabata yotsatira! Kodi masiku ano mumabaya munthu tsiku lisanafike?

Kenaka anatsitsa mawu: "Yesani kashopu ka mankhwala kaja patsidya pa msewu, kapena viliko." Anadziwa bwanji? Ndinapita. Analipodi, K180 imodzi. Pabokosi, pamene adokotala analemba dzina, panali popala ndi lezala. Ndalama imeneyo ndinalibe. Sindikunena kuti wina waba ayi. Ndikungofunsa.

Loweruka tepi inaonetsa kuti katumba wawonjezera masentimita atatu, ndipo ankatentha. Ndinathamangira kukiliniki konkuja. Nesi yemweyo anaseka: "Mwendo ni ukulu kale, muziba bwanji ati watupa? Kamutikiteni na manzi yakupya."

Kutikita ndi madzi otentha! Chinthu chimene adokotala anandiletsa katatu konse. Ndinamva mkwiyo. Amayi anzanga, mwendo wotere musautikite, ndipo bokosi lanu musasiyire munthu.

Lamulungu m'mawa Tisa akuvala nsapato zakutchalitchi, anagwira pachifuwa n'kuyamba kubanika. Tinamunyamula pa takisi ya aneba.

Lero ndi Lachiwiri. Mwana wanga ali gone kuchipatala chachikulu, chipaipi cha mpweya chili pamphuno kuyambira Lamulungu. Ndili ndi mantha, sindibisa. Koma khadi lanu, inu akukiliniki, limene ndinalijambula pafoni, likuti lero m'mawa Tisa anabwera ku Kanyama ndipo munamubaya.

Ba Sisita a pawindo lachiwiri, ndiuzeni pamaso pa anthu onsewa: munabaya ndani?