Kulondera Makina Oyeza Kukoka kwa Dziko

Ntchito yanga ndi yosamutsa anthu. Ndimanyamula mafiriji, makabati ndi mabedi, kukwera nazo masitepe a nyumba zosanjikizana za muno mu Glasgow. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, anapitirira nayo mpaka anayamba kuyeza zinthu zosaoneka.

Amayeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Anandifotokozerapo kangapo. Akuti dziko silikoka mofanana paliponse. Pamene pansi pali thanthwe lolimba, limakoka kwambiri. Pamene pali chidikha chakalekale chimene chinadzaza mchenga ndi matope n'kuuma, limakoka mocheperako, chifukwa miyala yotereyo ndi yopepuka. Kumwera kwenikweni kwa dziko, ku Antakitika, zidikha zotere zinakwiririka ndi ayezi. Maso saziona. Ndiye amapita ndi makina, kuyeza apa ndi apo, n'kujambula mapu a zimene zili pansi.

Ndinamufunsa ngati kumeneko firiji imapepuka.

"Aye, imapepukadi, Adadi. Koma msana wanu sungamve kusiyana."

Ndinasiya kufunsa.

Chaka chimene anamusankha kuti apite, anafika kwathu ku Maryhill Loweruka m'mawa atakumbatira bokosi lachitsulo, kukula ngati batire la lole. Anati m'kati muli kasipuling'i kakang'ono. Kasipuling'iko kamatamuka pakokha pang'onopang'ono, ndipo asananyamuke ayenera kudziwa katamukidwe kake. Makinawo akhale malo amodzi tsiku lathunthu, akuyeza, osagwedezeka. Kusukulu kwawo kunali omanga, akuboola pansi. Kumene amakhala ku Dennistoun ndi pamwamba, pansi pake ndi matabwa, sitima ikadutsa makapu amalira. Ife tili pansi penipeni, ndipo khitchini yathu ndi ya simenti.

"Lolemba katundu akumutsekera kuti apite kudoko," anatero. "Makina akalephera mayeso, satumizidwa. Akatsala, inenso ndatsala. Kumeneko amapita nyengo imodzi pachaka."

Kenako malamulo. Osawakhudza. Osazula pulagi. Osachapa ndi makina ochapira. Osamenyetsa chitseko. Osaponda mwamphamvu.

Firiji yathu imanjenjemera ikamalira. Ndinainyamula kukaiika kuchipinda chogona. Ketulo inapita kubafa. Mwanayo anakhazika makina pakati pa khitchini, n'kuwawongola miyendo, n'kunyamuka kukalongedza zovala. Anati abwera mawa masana.

Ndinakoka mpando, ndinavula nsapato, ndinakhala pakhomo pa khitchini. Makinawo anali ndi kanyali kobiriwira. Ine kuwayang'ana. Iwo osachita kanthu.

Chimene mayi a mwanayo sanandiuze n'chakuti anali ataitana amayi a mapemphero kudzapempherera ulendowo. Tsiku lomwelo. Anandiuza belu litalira kale.

Ife ndife a Chipresibiteriyani. Timapemphera titakhala. Koma wotsogolera gululo anali mng'ono wa mkazi wanga, alamu anga, a mpingo wa Chipentekoste. Iwo amapemphera ndi mapazi. Ndinawaonapo akugwetsa wotchi pakhoma osaikhudza.

Ndinatsegula pang'ono. Alamu anali kutsogolo, ambulera ikudontha, amayi ena kumbuyo kwawo.

"Alamu, mwaima ngati mlonda wa kubanki bwanji? Tisunthireni."

"Vulani nsapato."

"Moni kaye."

"Muli bwanji. Vulani nsapato."

"Mwana ali kuti?"

"Kulibe."

"Nanga tipempherera ndani?"

Mkazi wanga anayankhira kumbuyo kwanga, monong'ona. "Makina ake alipo."

Munthu amene wakwera basi pamvula kudzapempherera mwana wako sungamubweze pakhomo. Ukatero, pofika mawa mipingo iwiri yamva. Ndinawalowetsa mmodzimmodzi, a masokosi, akuyenda ngati akuwoloka pamtengo. Ndinawakhazika pabalaza. Balazalo ndi khitchini zinangosiyana ndi khoma, simenti yake ndi imodzi.

"Kuwomba m'manja ayi," ndinatero.

"Alamu, tifika bwanji kumwamba opanda m'manja?"

"Zala ziwiri."

Anaimba monong'ona, akuwomba zala ziwiri. Mayi wina wachikulire anatsokomola, onse anamuyang'ana, iye anapepesa cholozera kukhitchini.

Nyimbo itatha, alamu anaimirira. Anati akufuna kusanjika manja pa makina.

"Ayi."

"Dzanja limodzi."

"Ayi."

"Ndiye dalitso lilowa bwanji?"

"Mwana akuti makinawa amamva mwezi ukamakoka. Dzanja lanu alimva muli pakhomo."

Anaima pakhomo pa khitchini, phazi lisanadutse mzere wa kapeti, dzanja atalitambasula. Ine pambali pawo. Anayamba bwino, chapansipansi. Anamanga mphepo. Anamanga ming'alu ya mu ayezi. Anamanga zimbalangondo zoyera.

"Kumeneko kulibe zimbalangondo," ndinawanong'oneza. "Kuli mbalame zosauluka."

"Nazonso tikuzimanga," anatero, osatsegula maso.

Amayi pabalaza anavomera ameni wamphweya wokhawokha.

Kenako ndinaona chidendene. Chinanyamuka, n'kutera. Chinanyamukanso. Alamu ndimawadziwa. Chimayamba chidendene chimodzi, kenako ziwiri, kenako munthu yense.

"Alamu, phazi."

Sanamve. Mawu anali atakwera. Anali atafika pa kasipuling'i, akukalamula kuti kasatamuke mwachisawawa. Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali atagwira pakamwa. Ndinayang'ana kanyali kobiriwira. Alamu anapinda maondo.

Sindinaganize zambiri. Ndinachita zimene ndimachita tsiku lililonse. Ndinazungulira kumbuyo, ndinapinda maondo anga, msana chowongoka, manja m'chiuno, n'kukweza.

Analumpha ali kale m'malere. Mapazi ankapalasa mphepo. Pemphero silinaime. Mwina linakula.

Apa ndi pamene ndinazindikira vuto. Kukweza n'kosavuta. Koma munthu amene akuvina sungamutsitse, chifukwa atera ndi mphamvu yonse imene wasunga. Ndinaima nawo choncho. Amayi pabalaza anatsegula maso, n'kutsekanso msanga. Mayi wachikulire uja anapitiriza kuwomba zala ziwiri.

"Chitseko," ndinauza mkazi wanga.

Anatsegula mwakachetechete. Ndinayenda chobwerera m'mbuyo, phazi ndi phazi, chigongono cha alamu chikundimenya khutu. Tinadutsa m'khonde la onse. Mzungu wachikulire wa pamwamba pathu ankatsika ndi galu wake. Anaima, anakokera galu pambali, n'kundigwirira chitseko chakuseri. Sanafunse kanthu. Amadziwa ntchito yanga.

Ndinawatsitsa pa udzu, pafupi ndi mabini a zinyalala. Anaponda pamenepo mpaka anakhuta, masokosi ali chonyowa, mvula ikuwaza. Atanena ameni anatsegula maso. Anayang'ana mabini. Anayang'ana ine.

"Ndafika bwanji kuno?"

"Ndakunyamulani."

"Alamu, ulemu munausiya kumudzi."

"Ndinu opepuka kuposa firiji."

Anapukuta nkhope ndi mpango.

"Ya zitseko ziwiri kapena chimodzi?"

"Ziwiri."

"Mukanati chimodzi ndikanakukhululukirani."

Amayi ena aja anatuluka mmodzimmodzi, nsapato zili m'manja. Atafika pa udzu anazivala, n'kuimba ndi mawu onse amene anasunga. Mazenera anatseguka. Ine ndinabwerera pampando wanga. Tiyi wawo anamwera m'khonde, mkazi wanga akutunga kubafa.

Mwana anabwera mawa lake monga ananenera. Anagwada pa simenti, analumikiza kompyuta, n'kuyamba kuona zimene makina anayeza. Ndinaima kumbuyo kwake. Panali mzere wokwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Anati kumeneko ndi kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. Penapake mzerewo unali wokandikakandika ngati papalasa nkhuku.

"Apa panachitika chiyani, Adadi?"

"Mapemphero."

"A Anti?"

"Eya."

Anatseka maso. "Analumpha?"

"Analumpha. Sanatere."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana kudenga. Mwanayo anabwerera ku mzere wake, n'kuukulitsa, n'kuona mbali iyi ndi iyo. Anati pokandikapo ndi mapazi a anthu olowa ndi kutuluka, ndipo pamenepo angodulapo. Chofunika n'chakuti mzere utatha phokosolo unapitirira pomwe unasiyira. Makina akagwedezeka mwamphamvu, kasipuling'i kamadumpha, mzere n'kuyambira pena. Pamenepo bwenzi zonse zitawonongeka.

"Apambana," anatero.

Ndinafuna kumunyamulira bokosilo kupita kugalimoto. Anakana. Anati ndilibe luso lake. Analikumbatira yekha.

Lolemba makina anapita. Iye anatsatira patapita milungu. Ankaimba mwa apo ndi apo, mawu akuchedwa kufika. Tsiku lina anati apeza malo amene dziko likukoka mochepa mtunda wautali, chidikha chachikulu pansi pa ayezi. Ndinamufunsa ngati akudya. Anati akudya.

Alamu anga amati chidikhacho chinapezeka chifukwa cha pemphero lawo. Sinditsutsa. Koma masiku ano akabwera kwathu amapemphera atakhala pampando, diso limodzi lili pa ine.