Tsiku Limene aDaka Anadya ndi Mkamwini Wao

Sindinalembepo nkhani ya munthu, ndipo ndachedwa kuyamba iyi chifukwa choopa kulakwitsa. Zimene ndinaona ndi maso anga ndinena kuti ndinaona. Zimene ndinangomva kwa amai anga ndinenanso kuti ndinangomva. Munthu wake ndi aAmon Daka, amene anali wopalasa bwato pa mtsinje wa Luangwa, kumunsi kwa dela la kwa Mwape. Anamwalila kale, ndipo sindikhulupilila kuti pali wina amene adzawalemba.

ADaka sanali a kwathu. Anachokela ku Sandwe, nabwela m'mudzi mwathu kudzakwatila aEneless. Kwathu mwamuna ndiye amasamukila kwa mkazi, ndipo ana amene wabeleka si ake, mwini wao ndi malume. Mwana wao woyamba anali Keziah, mnzanga wa msinkhu umodzi. Tili aang'ono, ufulu usanabwele, aEneless anavutika pa uchembele wachiwili. Inali nthawi ya mvula, mseu utaduka. Amai anga amati mlongo wao wa aEneless, aEustace Mumba, analamula kuti odwala asachoke m'mudzi. ADaka sanamvele. Anawanyamula mkazi wao, nawagoneka m'bwato kuti atsike nao ku chipatala cha mishoni. AEneless anamwalila pamadzi, asanafike.

Malilo atatha, a kuchikazi anawasudzula aDaka. Anawapatsa khasu lao, nkhwangwa ndi bulangete, nawauza kuti njila ya ku Sandwe akuidziwa. Iwo ku Sandwe sanabwelele. Anamanga kanyumba m'mbali mwa mtsinje kuti akhale kufupi ndi mwana. Koma aMumba anamutenga Keziah kupita naye ku Nyimba kumene anali ndi kagolosale, namulembetsa sukulu pa dzina lao, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti mwanayo ndi wamasiye wa mbali zonse. Pambuyo pake aMumba anakhala tcheyamani wa chipani pamalopo, ndipo mau ao panalibe wowatsutsa.

Ine ndinaphunzila sukulu imodzi ndi Keziah. Ndinkawaona aDaka ataima patsidya la mseu, atagwila kamtolo ka nsomba zouma. Sankaitana. Keziah ankawadziwa bwino. Tsiku lina anaoloka mseu nalandila nsombazo, ndipo madzulo ake anakwapulidwa. Kuyambila pamenepo ankangowayang'ana, n'kulowa m'kalasi.

Nchito ya aDaka inali kuolotsa anthu. Koma m'chilimwe, madzi akachepa, ankatenganso aphunzitsi ndi akalaliki a boma kupita nao pa kachilumba kena pakati pa mtsinje. Kachilumbako kanali ka mchenga woyela ngati ufa, ndipo kumtunda kwake kunali mkuyu umodzi, mthunzi wokhao pamalo onsewo. ADaka ankaonetsa alendo pamene mvuu zimagona ndi pamene munthu angasambe osaopa ng'ona, ndipo madzulo ankawabweza. M'mphepete mwa mchenga ankabzalamo mavwende.

Chaka chimene ufulu unakwanitsa zaka khumi, ine ndi Keziah tinali aphunzitsi pa sukulu imodzi ku Nyimba. Keziah anali pa chitomelo ndi mphunzitsi mnzathu, aKalaluka Sitali, wa mtundu wa Alozi, amene boma linamutumiza kuchokela ku Mongu, kumadzulo kwa dziko. Anali munthu wansangala, koma bodza sankaseka nalo. Pofuna kukwatila anafunsa kuti atate a Keziah ali kuti, kuti abale ake akawagwadile. Keziah anayankha kuti anamwalila. Abale aja anayenda ulendo wonsewo nakagwadila aMumba, ndipo ukwati unaikidwa mwezi wa Disembala.

AKalaluka ndiwo anayambitsa za ulendo. Ankati mapili a ku Nyimba akuwaumitsa pakhosi, akufuna kuonako madzi. Atamva za kachilumba, anapempha malo pa lole yopita kuchigwa cha Luangwa pa tchuthi cha ufulu. Keziah anati mutu ukumupweteka. AKalaluka anaseka nati mankhwala a mutu ndi mphepo ya pamtsinje. Tinapita ine, Keziah, aKalaluka ndi mphunzitsi wina wa ku Petauke, aWiseman Lungu, munthu wosatha kukhala chete.

Tinawapeza aDaka akukapa madzi m'bwato. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkawakumbukila. Atawelamuka anandizindikila, kenako anaona Keziah, ndipo chikho chinawagwa m'manja.

"Amdala, mupalase bwino lelo," anatelo aKalaluka, atagwila dzanja la Keziah. "Mwanyamula mkazi wanga wa mawa. Akanyowa ngakhale chala, mlandu ndi wanu!"

ADaka anavula chipewa, napatuka m'kanjila, nagwada kumbali atalozetsa nkhope kutchile, naomba m'manja pang'onopang'ono.

Pano ndifotokoze pang'ono, chifukwa achinyamata ena mwina sakuzidziwanso. Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, saseleulana, ndipo sadyela mbale imodzi. Si chidani ai, ndi ulemu waukulu. ADaka sanauzidwe za chitomelo, sanalandile kanthu, sanaitanidwe. Chimene chinawatsalila kuti aonetse kuti ndi atate chinali ulemu umenewu basi. Ine ndinazindikila nthawi yomweyo. Keziah nayenso anazindikila, chifukwa anakhala kutsogolo kwa bwato osacheuka.

Titafika pakati pa madzi aKalaluka sanathe kupilila. Anapempha nkhafi yachiwili, naimilila m'bwato monga amachitila kwao.

"Kuno mumapalasa mutakhala ngati mukusenda nshawa!" anatelo. "Amdala, onani mmene amuna amapalasila."

ADaka anayang'ana kwa ine. "Mwana wa aMiti, uwauze aphunzitsi kuti asamale kumanzele. Pali mvuu ya mwana."

"Si ndili pompano? Ndiuzeni nokha!"

"Uwauze kuti akupalasa bwino," anatelonso aDaka, maso ali pamadzi.

AWiseman anaseka mpaka bwato linapendama. "Akuopa Mlozi awa. Amva kuti inu mumabadwila m'madzi ngati achule."

Kachilumba kanali kokongola, ndisaname. Mchenga unkaotcha kumapazi, madzi a m'mphepete anali ofunda, ofika m'maondo. AKalaluka anavula malaya nalowa m'madzi akufuula chinenelo cha kwao. AWiseman anatsegula kawailesi kamene kankaimba nyimbo za chikondwelelo. Tinayala nsalu pansi pa mkuyu. ADaka anatisonyeza malile a posambila, nabwelela kukakhala pafupi ndi bwato, padzuwa lenileni la Okotobala, atatipatsa msana. Patapita nthawi anandiitana. Anali atathyola vwende lalikulu kuposa onse.

"Kapeleke kwa alendo aja," anatelo. Kenako anafunsa motsitsa mau, "Kwao ndi kutali?"

Ndinati ndi kutali kwambili, kupyola Lusaka.

"Amamwa mowa?"

Ndinati sindinawaonepo.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti mbeu zake zamela. Nkhope yao inali yowala. Ndikuganiza, ngakhale sindingatsimikize, kuti ankayembekeza kuti dzuwa lisanapendeke mwana wao aimilila nanena.

Nthawi ya chakudya tinakhuthulila mpunga ndi nkhuku m'mbale imodzi yaikulu ya amuna, ife akazi yathu pambali. AKalaluka anaitana aDaka. ADaka anaomba m'manja ali chikhalile, osatembenuka. Anaitananso kachiwili, nayankhidwa chimodzimodzi. Pamenepo nkhope ya aKalaluka inasintha.

"Ndawalakwila chiyani? Kapena kuno munthu wa kumadzulo sadya naye? Zaka khumi tikuimba kuti dziko ndi limodzi, koma mbale yakanika kukhala imodzi?"

"Asiyeni," anatelo Keziah. "Mwina adya kale."

"Adya kale chiyani, mchenga? Ine sindidya munthu wamkulu atakhala padzuwa."

AWiseman, fupa lili kukamwa, anati, "Koma ine zikundiseketsa. Mdala uyu akuchita ngati ndinu mkamwini wao! Kugwada kumbali, kulankhula kudzela mwa wina, kukana mbale. Kalaluka, unafunsilapo mwana wao kuno osatiuza?"

Anaseka yekha. AKalaluka sanaseke. Anayang'ana aDaka, kenako anayang'ana Keziah, nthawi yaitali ndithu.

Keziah anaimilila, natenga botolo la madzi, nandiitana. "Olipa, ndipelekeze. Ndikawanyengelele ine."

Tinayenda pamchenga wotenthao. ADaka atamva mapazi anatembenuka, ndipo ataona kuti ndi Keziah anayamba kupukuta manja pa kabudula wao.

"Wakula, mwana wanga," anatelo. "Wafanana ndi amako pachipumi."

"Atata."

Ndinali ndisanamumvepo akutchula liu limenelo. ADaka anatseka maso.

"Atata, kadyeni nao."

"Ndidye nao bwanji? Si mkamwini wanga uja?"

"Ndinawauza kuti munamwalila."

Kawailesi kankamvekabe kuchokela pansi pa mkuyu. ADaka anayang'ana bwato lao.

"Ndinamwalila liti?"

"Chaka chimene amama anapita."

"Oo. Ndi madzi kapena matenda?"

"Sanafunse." Keziah anacheukila ku mkuyu. "Mukapitiliza kukana adziwa. Akadziwa kuti ndinanama andisiya, ndipo amalume sandilandilanso. Ndilibe kwina kopita, atata."

ADaka anafunsa funso limene anali atandifunsa kale m'njila ina. "Ndi munthu wabwino?"

"Wabwino."

"Samenya?"

"Ai."

"Ndithile madzi."

Keziah anawathila madzi m'manja, iwo nasamba bwinobwino, chala chimodzichimodzi. Anavala chipewa, nayenda kupita pansi pa mkuyu. Anakhala pansi moyang'anana ndi aKalaluka, nawayang'ana m'maso, napisa dzanja m'mbale.

"Pepani aphunzitsi," anatelo ndi mau okweza. "Ndimaopa kudya ndi Mlozi. Amati mukatha nkhuku mumayamba mbale."

AKalaluka anaseka kwambili, nawamenya paphewa. Anawapatsa ntchafu ya nkhuku. ADaka anadya, anaseleula, anafotokoza nkhani za mvuu, ndipo aWiseman anati mdalayu anangofunika kunyengeleledwa ndi mkazi wokongola. Ine mpunga wanga ndinausiya. Keziah anadya wake wonse, mutu uli pansi.

Pobwelela aDaka analankhula ndi aKalaluka mwachindunji njila yonse. Padooko anatsitsa Keziah pomugwila dzanja monga ankachitila ndi mlendo aliyense, nati, "Muyende bwino, amai." Mavwende amene anatsala anawalongedza onse m'thumba lathu, ndi aang'ono omwe.

Ukwati unachitika mu Disembala, ndipo aMumba ndiwo anaimilila. Chaka chotsatila aKalaluka anapempha kusamutsidwa, napita ndi Keziah kwao. ADaka sindinamve kuti anaonekanso pa mseu wa ku Nyimba. Zaka zingapo pambuyo pake, nkhondo ya m'maiko oyandikana nafe itakula, asilikali analetsa mabwato kumbali imeneyo ya mtsinje, ndipo alendo analeka kubwela. Bwato la aDaka linakokeledwa kumtunda, linang'aluka ndi dzuwa. Iwo anatsala akulima kadimba, maso akuyamba kuchita khungu.

Ndinapita kukawaona kamodzi, nditabwela kumudzi pa tchuthi. Ndinawapeza atakhala pa bwato long'alukalo. Anandizindikila ndi mau. Sanafunse za Keziah msanga. Anayamba ndi mvula, ndi amai anga, ndi mtengo wa mchele. Kenako anati, "Kumadzulo kuja kuli bwanji?"

Ndinali nditaganiza njila yonse ngati ndiwauze kapena ai. Ndinawauza kuti Keziah ali ndi mwana wamwamuna.

"Dzina?"

"Amon."

Anatembenukila kumene kunkachokela mau anga. Ndinafotokoza monga ndinamvela: kuti aKalaluka ndiwo anaumilila. Anati sanapeze mwai wogwadila apongozi ao ali moyo, choncho dzina la malemu lisatayike, likhale pa mwana.

Kwathu dzina lotele limapelekedwa kwa mwana pokhapokha mwini wake atagona m'manda. ADaka ankadziwa zimenezo kuposa ine. Anasisita mng'alu wa bwato ndi chala chao kwa nthawi.

"Ndi munthu wabwinodi," anatelo. "Ali ndi ulemu."

Ndinawafunsa ngati pali uthenga umene ndingatumize. Anapukusa mutu.

"Uthenga uchokele kwa yani? Dzina lapeza mwini. Ine ndangotsalila kuti andiike."

Anamwalila mvula yotsatila. Anaikidwa ndi asodzi anzao pafupi ndi kanyumba kao. A kwa Mumba sanabwele, a ku Sandwe uthenga unawapeza mochedwa, ndipo ku Mongu kunalibe chifukwa chotumizila mau, pakuti kumeneko malilo ao anali atalilidwa kale.