Mbuzi ya Apongozi pa Chilumba

Ndinapita chikamwini kumapiri a ku Ntchisi chaka chimene kwacha inali itangolowa m'malo mwa mapaundi. Kwathu ndi kufupi ndi Mponela, kumene njinga umaiona ikubwera ikadali kutali, ndiye mapiri aja ndinayamba ndadana nawo. Kukatunga madzi, chitunda. Kukacheza kwa mnzako, chitunda. Ngakhale kukathamangitsa nkhuku m'munda, chitunda ndithu.

Koma panali malo amodzi amene ndinawakonda tsiku loyamba lomwe. Kumunsi kwa mudzi mtsinje unkagawikana pawiri n'kukakumananso patsogolo, ndipo mtunda wotsala pakatipo onse ankangouti pa Chilumba. M'dzinja kunalibe wopondako, chifukwa ulalo wathu wa mitengo iwiri unkapita ndi madzi chaka ndi chaka. Pamwamba pa chilumbacho, pakati pa mitengo ya katope, panali dziwe. Silinali lalikulu, mwala woponya ndi dzanja lamanzere unkagwera tsidya. Madzi ake ankachokera m'kasupe waulesi wa pansi pa thanthwe, ongodontha pang'onopang'ono, ozizira mpaka kuwawa m'mano. Mitsinje iwiri ija ikauma mu Okutobala, mudzi wonse unkamwa pamenepo, ndipo munali milamba yonenepa imene ankaipha kamodzi kokha pachaka.

Dziwelo linali la mbumba ya mkazi wanga. Atsibweni ake anandiuza zimenezo akundilozera malo a nazale yanga ya fodya, kumunsi pang'ono kwa dziwelo. Anandiuzanso, ngati akungocheza, za mkamwini wina amene anakhalapo ine ndisanabwere, yemwe anabwerera kwawo atanyamula bulangete ndi khasu basi. Ndinamva bwinobwino. Mkazi wanga ndinkamukonda, ndipo anali ndi pakati, choncho bulangete langa sindinafune kuti lione msewu wa ku Mponela.

Apongozi anga aakazi ndinali ndisanayankhule nawo ngakhale liwu limodzi. Umo ndi mmene zinkakhalira: tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire la kumanja, ine la kumanzere, aliyense atayang'ana kwake mpaka mnzake adutse. Nkhope yawo ndinkaidziwa mwa apo ndi apo, koma chitenje chawo chobiriwira ndinkachizindikira ndili phiri lina. Zonena zonse zinkadzera mwa mkazi wanga, ndipo ndikukhulupirira kuti zina ankazithira mchere m'njira.

Ntchito ya nazale ndi makheni. M'mawa makheni, madzulo makheni, kukwera ku dziwe n'kutsika nawo, madzi akutayikira m'miyendo. Patatha milungu itatu mapewa anali atatupa, ndipo m'mutu munayamba kubwera nzeru. Ndinali nditaona pa esiteti ina kwathu madzi akuyenda okha m'ngalande mpaka kumabedi, anthu atangoima ndi manja m'chiuno. Ndinadzifunsa kuti anthu a kumapiri awa anagona bwanji zaka zonsezi, madzi ali pamwamba, mbande zili pansi.

Ndinasankha tsiku limene mudzi wonse unaitanidwa kumsonkhano wa chipani kusukulu. Ndinati ndikumba msanga, ndisambe, ndikawapeze nyimbo zisanathe, khadi langa lili m'thumba la malaya. Ngalande ndinaiyambira kumabedi, yowongoka bwino, yoti mlangizi akanaiona akanandigwira dzanja. Nditafika pa mtumbira wa dothi umene unkatchinga dziwe mbali ya kumunsi, ndinatema kakhomo kakang'ono, kongokwana khasu.

Chimene sindinkadziwa n'choti mtumbira uja sanauumbe Mulungu. Anauunjika ndi makolo a mkazi wanga, dengu ndi dengu, ndipo chinkaugwira ndi mizu ya udzu wa pamwamba, womwe ine ndinali nditangoudula. Madzi anayamba mwaulemu, ine n'kumawaperekeza ndikuimba mluzu. Nditatembenuka, kakhomo kaja kanali katakula ngati khomo la khola. Dothi linkagumuka lokha m'mbali, madzi ofiira akuthamangira kumabedi, ndipo ndinaona mlamba umodzi ukuphiriphitha pakati pa mbande zanga.

Ndinatapa dothi n'kuponya pamenepo, madzi n'kulitenga. Ndinaponya lina, n'kulitenganso. Mantha amene ndinachita sindinawachiteponso. Kasupe waulesi uja sakanadzaza dziwelo mvula isanagwe, ndipo mudzi wonse ukanadziwa amene waumwetsa matope.

Pachilumba ponse panali munthu mmodzi yekha. Tsidya la dziwe ndinaona chitenje chobiriwira. Apongozi sankapita kumisonkhano chifukwa cha bondo lawo, ndipo tsikulo ankamweta mlulu wolukira mikeka, atandifulatira, mbuzi yawo yamawanga ataimangirira pachitsa. Kuwaitana sindikanatha, pakamwa pankakana. Kuthamangira kusukulu, ndikanapeza dziwe litasanduka bwalo. Ndinaima pamenepo ndi khasu m'manja, kenaka ndinayang'ana mbuzi ija n'kukweza mawu.

"Mbuzi iwe, dziwe likuthawa. Ndaboola ndine."

Mbuzi inangondiyang'ana ikutafuna. Apongozi anaweramuka, osatembenuka, n'kumvetsera mkokomo wa madzi. Kenaka nawonso anayang'ana mbuzi.

"Mbuzi iwe, uwauze abambowo asiye kutaya dothi. Akhale pansi pakhomo pabookapo, ayang'ane kudziwe, asatembenuke."

Ndinakhala. Ndinadzipanikiza m'khomo muja, buluku, malaya, khadi la chipani, zonse m'madzi ofika m'chifuwa, ine ndasanduka chitsekerero. Kuzizira kwake ndinaluma mano. Kumbuyo kwanga ndinamva apongozi akubwera motsimphina, akukoka mtolo wa mlulu. Anayamba kuupanikiza kumsana kwanga, kenaka miyala, kenaka zigulumwa za udzu zimene ankatema ndi khasu langa lomwe, uku akupondaponda ndi mwendo wawo wabwino uja.

Nthawi yonseyo nkhani inali ndi mbuzi. Anaifunsa ngati kwawo kwa abambowa madzi amawaweta ngati ng'ombe. Ine ndinaiyankha mbuziyo kuti kwawoko kulibe mapiri, ndiye nzeru zimangoyenda osapunthwa. Anaiuza kuti iwo ali mtsikana anasenzapo madengu a dothi la pamenepa mpaka tsitsi kuthothoka pakati pamutu, ndipo sanaganizepo kuti adzaliumbanso ndi mkamwini m'kati mwake. Pamenepo mlamba unandigunda pamimba, ndinakuwa, ndipo ndinamva kumbuyo kwanga kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo, kuseka kwa munthu amene akuyesetsa kutseka pakamwa koma zikukanika. Nanenso ndinaphulika, mano akugwedezeka ndi kuzizira.

Dzuwa lili pamutu, anauza mbuzi kuti abambowo adzuke pang'onopang'ono. Ndinadzuka, khoma linagwira. Madzi anali atatsika ndi mkono umodzi basi. Theka la mbande zanga linali litapita kumtsinje. Apongozi anatola milamba itatu m'mabedi muja, iwiri n'kuibweza m'dziwe, umodzi n'kuukulunga m'masamba, ndipo anamasula mbuzi yawo n'kumapita osandiyang'ana.

Madzulo atsibweni aja anafika akufuna kudziwa chimene chalepheretsa mkamwini kumsonkhano ndi chimene chafiiritsa madzi. Ine ndinali m'nyumba, nditafunda bulangete lomwe lija, ndikumvetsera ndi mtima uli m'mwamba. Apongozi anayankha ali pakhonde pawo kuti nkhanu zinaboola mtumbira, ndipo pakanapanda mkamwini kutsekapo ndi thupi lake, bwenzi mudzi ukukatunga madzi ku boma. Mawa lake atsibweniwo anapita kukaona okha. Anayang'ana ngalande yanga yowongoka ija kuyambira pamwamba mpaka kumabedi, n'kunena kuti nkhanu za chaka chino zayamba kuyenda ndi makasu. Anangondipatsa dengu, ndipo ndinasenza dothi masiku asanu ndi limodzi mpaka mtumbira unakwera kuposa kale. Makheni ndinabwerera nawo mwaulemu wonse.

Lamulungu lotsatira, tikukonzekera za kutchalitchi, mkazi wanga analowa m'nyumba akumwetulira n'kundiuza kuti panja pali mlendo. Nditatuluka ndinapeza chitenje chobiriwira chitakhala pamkeka pakhomo panga, nkhuku yoyera ili m'manja. Ndinafuna kubwerera m'nyumba, koma mkazi wanga anali atatseka khomo ndi mimba yake. Apongozi anaika nkhukuyo pamapazi anga, n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo yonse, ndipo inali ya mkazi wanga yeniyeni, kungoti yamakwinya.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Mbuzi ija yatopa, tiziyankhulana tokha."

Ndinagwada. Mkazi wanga amandiseka mpaka lero kuti maso anga ankangoyendayenda pabwalo ponse kufunafuna mbuzi.