Madisiki Atatu ndi Msomali

Anagogoda m'mawa Lachiwiri, mwezi wa Juni, chifunga cha ku Masasa kwathu ku Mzuzu chisanachoke. Amuna atatu a kupolisi, majekete aatali. Ndinati, "Monire, adada." Moni sanayankhe. Wamkulu wawo anati, "Amama, mwana wanu wotayipa uja ali kuti?"

Mwana wanga wamkaziyo ankatayipa pa kompyuta mu ofesi ina m'tauni, ndipo mobisa ankatayipanso makalata otsutsa boma. Asanathawire kunyanja kwa amalume ake, anandisiyira madisiki atatu, tinthu takuda, topyapyala, tofewa ngati chikuto cha kope. Anati, "Amama, mawu ali m'kati umu. Musapinde, musanyowetse, musaike padzuwa kapena pafupi ndi wailesi. Akakandika, mawu afa."

Zilembo ndimazidziwa pang'ono, koma kusunga ndimadziwa, ee, kusunga ndimadziwa! Mzuzu ndi wachinyontho, ngakhale mchere umalira m'botolo. Ndinawakulunga m'pulasitiki ya shuga, ndinawagoneka pakati pa mbale ziwiri, ndinawakweza pamwamba pa kabati. Denga likadontha ndinkayamba kusuntha iwowo, bulangeti pambuyo.

Amuna aja anawapeza. Ananditenga pamodzi nawo.

Ku ofesi kwawo kunali mlembi wolandira katundu wolandidwa. Ntchito yake inali imodzi: kuboola, kulowetsa chingwe, kumangirira kapepala ka nambala. Buku la munthu wina analiboola ine ndikuona. Kenako anasanjikiza madisiki onse atatu patebulo. Bowo linalipo kale pakati, koma iye anati la kufakitale silowerengedwa, pafunika la boma. Anatenga msomali ndi mwala wotchingira chitseko.

Pakamwa panga panatseguka pokha. Miyezi yonse ija ndikuwatchinjiriza ku kadontho ka mvula! Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti, "Adada, mupha mawu!" Pamenepo ndinazindikira kuti mawuwo akakhala ndi moyo, wakufa ndi mwana wanga. Ndinatseka pakamwa. Msomali unalowa, unatulukira kunsi.

"Mukuyang'ana chiyani, agogo?" anafunsa mlembiyo.

"Ntchito yanu yaudongo, adada. Yewo chomene," ndinathokoza motero.

Apolisi anandifunsa masiku ambiri. "Mwana ali kuti? Muli chiyani m'menemu?" Ndinkati za makina sindiwerenga, ndipo zinali zoona. Za mwana ndinkangoyang'ana khoma. Khutu langa lamanzere linasiya kumva nthawi imeneyo. Tinkagona pasimenti amayi ambirimbiri, chisanu chikulowera m'mafupa. Mlonda wina wamkazi ankati, "Gogo, kuno si kutchalitchi, siyani nyimbo." Ndinkaimbira m'mphuno, ee, m'mphuno ndinkaimbira.

Mu Okutobala, kutatentha, wamkulu uja anandiitana. Sanandiyang'ane. "Makina a kulikulu akuti madisiki anu sakuwerengeka. Mwatitayitsa nthawi. Pitani, ndipo musakakambe."

Ndinatuluka, ndinadutsa pamsika wapansi, nsapato zili m'manja chifukwa mapazi anali atatupa. Palibe anandiuza poima kapena pokhala. Ufulu ndinaumva pamenepo, m'mapazi, usanafike pa wailesi.

Zinthu zitasintha m'dziko, mwana wanga anabwerako kunyanja, khanda lili kumbuyo, mdzukulu wanga woyamba, aleluya! Titadya, anafunsa za madisiki. Ndinamuuza za msomali. Iye anati, "Amama, munali ntchito ya anthu ambiri m'menemo. Bwenzi mutawaletsa."

Ndinatenga khandalo, ndinaliika pamiyendo. Ndinati, "Anthuwo adzalembanso, mwana wanga. Nanga iweyo ndikanakulembanso kuti?"