Ndinabwereka malume a suti

Inu owerenga, amene amandidziwa amati ine ndikaona khoswe ndimakanena kuti ndaona mbuzi. Sindikana. Koma lero ndinena zoona zokhazokha, chifukwa bodza limodzi linandilanda mkazi amene mpaka pano ndimamusowa.

Dzina lake Tiyamike, wa ku Chirimba, woyimba kwaya. Ine tchalitchi ndinayamba chifukwa cha iyeyo, Mulungu andikhululukire. Besi yanga inkamveka ngati minibasi yakutha ikukwera chitunda, iye n'kumangoseka. Anandikonda choncho, ndi mabodza anga omwe.

Itakwana nthawi yokaonekera kwawo, anandiuza kuti ndipite ndi malume anga monga mwa mwambo. Apa ndiye panavuta. Malume anga, a Namakhwa, amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe. Zala zakuda ndi polishi, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, jekete limodzi lomwelo chibadwire ine. Ndi amene anandilera mayi atamwalira. Komatu ndinachita nawo manyazi. Ndinakapempha bambo ena a ku Naperi amene ndimaonera nawo mpira, a mimba yabwino ndi suti, kuti akhale malume anga tsiku limodzi lokha.

Zinayamba bwino kwambiri. Malume obwerekawo analankhula Chizungu mpaka nkhuku za ku Chirimba zinakhala chete. Ine ndili pampando, mtima m'malo. Kenaka malume ake a Tiyamike, bambo ofatsa, anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti: "Kodi iwe si mnyamata wa a Namakhwa osoka nsapato? Chithunzi chako anachimata m'bokosi lawo la zida. Aliyense wobwera ndi nsapato amamuonetsa, amati uyu ndi mwana wa achemwali anga."

Malume a suti anafunsa kumene kuli chimbudzi. Mpaka lero sanabwereko.

Tiyamike sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundifunsa chapansipansi kuti: "Ngati mwabisa amene anakulerani, ine mudzandibisa liti?"

Ndinapepesa miyezi. Ndinasala kudya masiku atatu, chabwino, tsiku limodzi ndi theka. Sizinathandize. Pano anakwatiwa, amakhala ku Chinyonga. Ndimamuona nthawi zina akutsika minibasi ku Limbe ndi mwana kumbuyo, ndipo ndimabisala kuseri kwa ogulitsa kaunjika. Tchalitchi sindinasiye. Ndimakhala benchi ya kumbuyo, kwaya ikayamba khutu langa limafunafunabe mawu ake, ngakhale ndikudziwa kuti anasamukira mpingo wina.

Kwa malume ndinatenga sabata ziwiri ndisanapiteko. Nkhani inali itawapeza kale. Sananditukwane. Anangoyang'ana kuphazi kwanga n'kunena kuti ndivule nsapato, yayasama. Ndinakhala pachidebe ndi sokosi yobooka, iwo akusoka osadzutsa mutu. Atamaliza anati: "Jekete lija ndinalichapa kalekale. Ndimadikira undiitane."

Inu anyamata anzanga, namizani anthu za mpira, za nsomba imene munagwira, za mabwana amene amakupatsani moni. Koma tsiku lokaonekera, tengani malume anu enieni, ngakhale akununkha polishi. A suti aja amathawira kuchimbudzi. Anga akadali pakhonde ku Limbe, ndipo chithunzi changa sanachichotse m'bokosi.