Kapu ya Mng'alu

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la girisi ndi dizilo limene linkakanirira m'ovolosi yawo ngakhale amayi atayichapa kawiri, komanso kulira kwa sitima ya katundu imene inkagwedeza mawindo a nyumba yathu ku Kabwata.

Agogo anachoka ku Katete ali mnyamata, napeza ntchito pa siteshoni ya m'tauni. Ntchito yake inali yogogoda mawilo. Sitima ikaima, yodzaza malasha kapena chimanga cha ku mafakitale, iwo ankayenda m'mbali mwa njanji ndi nyundo ya mpini wautali, kumenya wilo lililonse kamodzi n'kutchera khutu. Wilo labwino limalira ngati belu la kutchalitchi, la mng'alu limangoti phu. "Maso anama, khutu sinama," ankatero. "Wilo imodzi ikapita na mng'alu, mabogi onse agona pansi."

Khalidweli ankabwera nalo kunyumba. Mbale, ndowa, mavwende a pamsika, zonse ankazigogoda ndi chikhadabo asanazikhulupirire, ndipo ife adzukulu tinkawaseka kumbali.

Chaka chimene ndinali mu giredi sikisi, tinaona kuti agogo ayamba kuikweza kwambiri wailesi, ndipo ukawayankhula ankayang'ana pakamwa pako. Akuluakulu anangokhala chete. Ine Misozi, wapakamwa ngati amayi anga aang'ono, sindinathe.

Lamulungu lina titachoka ku Misa kunabwera alendo a ku Chelstone, ndipo amayi anatulutsa makapu adothi a m'kabati. Imodzi ndinkaidziwa, inali ndi mng'alu woonda ngati tsitsi pafupi ndi chogwirira, chifukwa ndinaigwetsa ndine. Ndinaipereka kwa agogo alendo akuona.

"Agogo, iyeseni iyi."

Anaigogoda, naiyandikiza kukhutu, namwetulira. "Ili bwino, mzukulu wanga."

"Mwalakwisa! Ni yong'ambika, onani apa. Simunamvele?"

Ndinaseka ndekha. Amayi anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Agogo sanandikalipire. Ananyamuka, napita pawindo, naitembenuza kapuyo padzuwa mpaka anauona mng'aluwo. Anaigogodanso kawiri, kenaka anaiika pathebulo mosamala, tiyi osamwa.

M'mawa mwake sanavale ovolosi. Anavala jekete la kutchalitchi, nyundo ataikulunga m'nyuzipepala. Amayi anawatsekereza pakhomo.

"Atate, kunchito palibe amene adziwa. Yatsala chabe myezi ingati kuti mupumule bwino?"

"Nadziwa ine," anayankha. "Dzulo napitisa kapu. Sabata yatha napitisa mawilo angati?"

Anabwerako masana chimanjamanja, nyundo atabweza, ntchito atasiya.

Anakhalanso zaka zinayi, ali pakhonde, manja ali pamaondo. Sanagogodenso kanthu m'nyumba muja. Sitima zinkacheperachepera, udzu unamera pakati pa njanji zolowera ku mafakitale, ndipo ikalira imodzi mwa apo ndi apo, tonse tinkatembenuka kupatula iwo. Zimenezo zinkandipweteka kuposa chikwapu chimene sindinalandire.

Amayi asanamwalire anandiuza kuti mwina ndinapulumutsa anthu tsiku lija. Mwina. Koma ine ndikudziwa chimene ndinkafuna, ndinkafuna alendo aseke, aone kuti ndine wochenjera. Sindinapepese, ndinkati ndidzatero ndikakula, ndipo mawu anga akanawamva bwanji?

Kapu ija ndili nayo m'kabati kwanga ku Woodlands. Ana anga amafunsa chifukwa chake ndimasunga chinthu chosamwera. Ndikakhala ndekha ndimaigogoda ndi chikhadabo, ndipo imati phu, momveka bwino, monga inachitira tsiku lija aliyense akumva kupatula mwini ntchito.